Sabata yophunzira kukuwira akuluakulu

Lolemba, 8 Meyi 2006

Kusukulu kwabwera mlendo, a Pascal, ochokera ku Chamonix, ku France. Ntchito yawo ndi kutsogolera anthu kukwera mapiri. Mutu wonse imvi, nkhope ngati chikopa cha ng'oma, manja ngati makasu. Atiwonetsa zithunzi: phiri la Mont Blanc loyera mbee, anthu atamangana chingwe chimodzi ngati mbuzi zopita kumsika.

Sukulu itenga ana ochepa kukakwera mapiri ku Chamonix komweko pa tchuthi chikubwerachi. Osankha ndi a Pascal omwewo, Loweruka, ku matanthwe a kuseri kwa Sheffield kuno.

Ndikupita ine! Kukwera sindikuda nako nkhawa. Ku Zomba ndinkafika kunsonga ya mango anzanga akadavula nsapato.

Vuto ndi limodzi. Akuti pathanthwe pamakhala zingwe zambiri ndi mphepo, choncho ukafuna kuti wogwira chingwe chako pansi akumasulireko, umakuwa dzina lake: "Pascal, slack!" Popanda bwana, popanda chonde. Akuti amene mawu ake samveka samutenga.

Munthu wa imvi. Dzina lake lenileni. Mokuwa!

Lachiwiri, 9 Meyi

Pulani:
1. Kuphunzira kukuwa.
2. Kuphunzira kukuwira munthu wamkulu.
3. Malume asadziwe kanthu.

Amayi za ulendo avomera, bola ndikavale majuzi onse amene ndili nawo. Za kukuwazi sindinawauze.

Ndikuyambira kubafa, mpopi uli chitsegulire. Poyamba mawu akutuluka ngati a munthu wopempha mchere kwa aneba. Kenako atuluka ndithu, mpaka galasi lanjenjemera. Ndayiwala kuti amayi agwira naiti kuchipatala ndipo akugona. Atulukira atafunda chitenje, diso limodzi lotseka. "Wapsa ndi madzi?" Ayi. "Ndiye wafa ndani?"

M'nyumba muno kwaletsedwa.

Lachitatu, 10 Meyi

Kupaki, pamwamba pa mtunda umene basi imachita kubuula pokwera. Mvula yowaza. Kulibe munthu. Ndasankha mtengo wokalamba kuti ukhale a Pascal. Ndikuukuwira bwino zedi! Koma mtengo ulibe maso.

Kwabwera agogo achizungu ndi galu wawo. Mwayi wake ndi umenewu: ndiwayang'ane m'maso, ndiwapatse moni mokweza. Afika pafupi. Mutu wawerama wokha, manja agwirana okha. Agogo afunsa ngati ndataya kanthu m'kapingamo. Ndachita manyazi kukana. Tafufuza limodzi kwa kanthawi. Galu nayenso wathandiza.

Lachinayi, 11 Meyi

Mtengo sukwanira. Pakufunika munthu wamkulu weniweni, ndipo m'nyumba muno alimo: malume, mchimwene wa amayi, ali pasofa akuonera mpira.

Ndaima pamwamba pa masitepe. Ndakoka mpweya.

"Bonifasi!"

Atuluka! Mawu okongola, amphamvu, akuphiri enieni!

TV yazima.

Zotsatira zake:
- kugwada pakapeti mpaka mawondo dzanzi
- foni kwa abusa
- foni kwa agogo ku Zomba, mpaka khadi yoyimbira yathera panjira ("mwana wanu uja wasanduka mzungu")
- mawu a malume: "Dzina limenelo ngakhale bambo ako, alamu anga, sanalitchulepo."

Ndafotokoza za chingwe, za mphepo, za Chamonix. Malume akuti iwo anakwera Mulanje ali mnyamata, kupita ndi kubwerako, osatukwana munthu ngakhale mmodzi.

Nambala 3 ya pulani yafa.

Lachisanu, 12 Meyi

Malume apempha ofu kuntchito. Amayi asinthana shifiti ndi anzawo. Onse akubwera mawa, kukaona ndi maso mzungu wophunzitsa ana mwano. Ndawachonderera. Amayi akuti kuperekeza mwana sapempha chilolezo kwa mwanayo.

Kusukulu anzanga akuyeserera kukuwira aphunzitsi a masewera. Sakuvutika ngakhale pang'ono. Iwo amatero chaka chonse.

Kunyumba amayi akukazinga nkhuku ndi mandasi ngati tikupita kuukwati. Malume akupolisha nsapato zatchalitchi. Sakundiyankhula. Akafuna kanthu akuuza amayi kuti auze "mzungu wanuyo".

Loweruka, 13 Meyi

Matanthwe akuda, mphepo yoluma makutu. Makolo a ena atsitsa ana n'kubwerera. Anga ayala chitenje. Malume jekete ndi tayi, manja kumbuyo ngati oyendera sukulu.

Nthawi yanga. Ndavala malamba, a Pascal agwira chingwe. Ndikukwera! Ngati buluzi! Ndadutsa pomwe ena onse alekera.

Pamwamba njira yakhotera kuseri kwa mwala. A Pascal sakundiona, chingwe chakungika, sindingasunthe. Ndikufunika slack basi. Ndatsegula pakamwa. Ndayang'ana pansi. Malume aima chapatali, iwo akundiona bwinobwino. Tayi ikuuluka, maso ali pa ine.

Zomwe zatuluka, m'Chingelezi changa chabwino kwambiri: pepani bambo, ngati sikukuvutani, mungandimasulireko pang'ono? Mphepo yatenga, yapita nazo ku Manchester.

Ndabwereza, motsitsako mawu, kuopa kuoneka wokakamiza. Manja atopa. Zala zatseguka zokha. Ndili lende pachingwe, ndikuzungulira ngati mkoko wa nthochi womangiriridwa kudenga.

Kenako chigwa chonse chagwedezeka.

"Pascal! Tsitsa mwana wanga!"

Amayi. Nkhosa za kutsidya zathawa. A Pascal Chichewa sachidziwa, koma anditsitsa nthawi yomweyo.

A Pascal akuti pa ana onse ndakwera bwino ndine, koma kumapiri akwawo munthu wachete amagwetsa mnzake. Akuti ndidzayesenso chaka chamawa, kapena ndibwere ndi amayi. Aseka okha. Atakhala pachitenje adya mandasi osawerengeka. Malume awafunsa zaka, apeza kuti a Pascal ndi aakulu kwa iwo, ndiye masana onse akhala akuwatcha achimwene.

Lamulungu, 14 Meyi

Sindikupita. Osankhidwa akuwaimbira kunyumba. Foni yathu yalira ndithu, ndathamangira, koma anali agogo aku Zomba, kufunsa ngati mutu wanga wabwerera m'malo.

Kutchalitchi malume aimirira kupereka umboni. Akuti mwana wa mlongo wawo, ali lende pakati pa moyo ndi imfa, ulemu sanautaye. Azimayi aimba nthungululu. Abusa andiimiritsa kutsogolo kuti ana obadwira kuno andione bwino. Zoti amayi anakuwira munthu wa imvi, n'kumutchula dzina pagulu, palibe watchula. Amayiwo maso ali m'buku la nyimbo.

Andipatsa udindo. Kuyambira lero ndine wolandira alendo pakhomo, chifukwa akuti mawu anga ndi ofatsa.

Khomolo lili ndi kasitepe. Ndakwera popanda chingwe.