Mfuti Yobweza Chenji

Amene akufuna kuseka asekeretu panopa atsirize, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona mano a munthu. Ndakuonani kale inu a kumbuyoko, mwabisa chipongwe m'makapu a tiyi. Mapemphero atha, abusa apita, ndiye khalani pansi mumve za tsiku limene ine Faisoni Kamtedza ndinayesa mfuti ziwiri muno mu London, chaka chija anathamangitsa osuta fodya m'mabala. Wotsutsa aimirire, atiuze chimene anawomberapo pamoyo wake kupatula legeni.

Nkhani inayambira pa khadi langa la basi. Nkhalamba kuno timakwera ulere, ndipo ine kuno ndilibe munda, ndilibe mbuzi, ndilibe ngakhale khonde lokhalapo. Ufumu wanga wonse unali khadi limenelo. Ndinkadzuka ku Romford, kukatsika ku Woolwich, kukatulukira ku Peckham kukanunkhiza nsomba zouma, osapempha chilolezo kwa munthu. Ndiye mwana wanga Esinati, nesi amene ndinamuphunzitsa ndi nyama ya nguluwe, analanda khadilo n'kuliponya m'chikwama chake, eti maso anga achita ng'ala. Umboni wake? Akuti anandipeza ndikupereka moni kwa bokosi lofiira loponyamo makalata. Nanga ndi mlandu? Pa msewu wathu wonse ndi bokosi lokhalo limene silinandiyankhepo mwamwano.

Apa mpamene analowerera mkamwini wanga Lovemore, wobadwira ku mafamu a ku Zimbabwe, amene amati ndi Mmalawi koma Malawi anangomuona pa kalendala. Kwathu mkamwini amapatuka panjira akaona apongozi. Uyu amandiyang'ana m'maso uku akutafuna, ndipo ine ndi amene ndimasungidwa m'kachipinda ka kumbuyo ngati njinga yophwa matayala. Iyeyu analowa kalabu ya anthu owombera mapepala kunja kwa tauni, ndipo panali mfuti ziwiri zimene ankasinkhasinkha kuti agule iti.

"Adadi, paja mumati munali mlenje," anatero. "Loweruka ku kalabu amalola alendo. Mukaboola pepala kamodzi kokha, khadi libwerera."

"Kamodzi kokha, bambo," anatero Esinati. "Koma mukaphonya, ulendo wa ku chipatala, popanda zokambirana."

Kamodzi! Kumuuza zimenezo munthu amene analondera esiteti ya fodya ku Kasungu, amene anatha nguluwe za dambo lonse ndi chipolopolo chimodzi chifukwa anadikira kuti ziime pamzere! Mukumva?

Tinafika. Chinyumba chachitali ngati shedi ya fodya, mapepala atapachikidwa kumapeto, mzimayi wachizungu woyang'anira malowo akutiveka zotseka m'makutu. Patebulo panagona mfuti ziwiri, zonse za tizipolopolo tonga nandolo, poti boma la kuno limanjenjemera ndi mfuti zazikulu. Imodzi yakuda bii, yapulasitiki, yokhala ndi galasi loonera patali, mtengo wake woti kwathu ungafolere nyumba ndi malata mpaka kukhitchini. Inayo yathabwa, yakale, yokandikakandika, yodutsa m'manja mwa anthu ambiri, mtengo wake ngati jekete la pa kaunjika.

Ndinayamba ndi yakudayo. Kupepuka kwake, abale, ndinachita kuyang'ana m'manja kuti nditsimikize ngati ndanyamuladi kanthu, ndipo mayi uja atayetsemula inafuna kuuluka, ndinaigwira ndi chibwano. Paphewa sikhazikika, imaterera ngati beseni lonyowa. Koma galasi lake ndisaname, ndi galasi. Nditaikapo diso ndinaona pepala, ndinaona khoma la kuseri kwa pepala, ndinaona nyanja, ndinaona chipululu ndi ngamila zake, ndinaona mapiri a kwathu ku Ntcheu, ndipo pakati pa munda wanga, munda umene anandisiyira malume, panali mng'ono wanga Binwelo akulima mosatekeseka atavala jasi langa limene ndinamusungitsa, batani lachiwiri litathothoka. Mukumva? Batani ndinaliona kuti palibe, ndipo mwana wanga akuti ndili ndi ng'ala!

Magazi anawira, chala chinagunda kachitsulo kowombera, ndipo mfutiyo inangoti phaphapha ngati chimanga chokazinga, osakankha phewa, osatulutsa utsi wooneka, osapereka mpata woti munthu aganize. Zipolopolo zake zilibe khalidwe, zimathamanga ngati inu mukachedwa ku shifiti. Zinadutsa pepala lisanadziwe n'komwe kuti likuwomberedwa, zinaboola khoma, zinapitirira ndege imene inanyamuka dzulo lake, ndipo chimodzi chinakathyola mpini wa khasu m'manja mwa Binwelo. Wokayika amuimbire. Lamulungu lake anandiimbira yekha, munthu amene anakhala zaka osandifunsa ngati ndili moyo, akuti mphezi yagwa dzuwa likuswa mtengo, nditumize ya mpini wina.

Koma dyera la mfuti imeneyi! Ndisanapume kawiri kabokosi konse ka zipolopolo kanali mbee. Ndinafufuza pokokera, poti mfuti iliyonse ukawomba umakoka chitsulo kuti chipolopolo china chilowe, koma anapabisa kumene sindikudziwa. Mfuti yanji yodya yokha osadikira mwini wake?

Ndiye ndinanyamula yathabwa. Aaa! Imeneyi inalemera bwino ngati mwana wodya mokwanira, inakhala paphewa panga ngati tinakulira limodzi, ikununkha mafuta ndi thukuta la amuna anzanga, ndipo kachitsulo kokokera kanali pambali, kudzanja lamanja, pamene dzanja la mlenje limafika lokha. Galasi inalibe, koma galasi ndi la anthu osaona. Ndinawomba, ndinakoka. Tamverani tsono. Nditakoka, chipolopolo chathunthu, chatsopano, chosaphulika, chinadumpha m'mfutimo n'kugwera pamiyendo panga. Ndinawombanso, ndinakokanso, china chinadumphanso. Ndinati Mulungu wanga, zaka zonse ndakhala m'dziko lino palibe chinthu chinandibwezerapo kanthu, magetsi amadya, khonsolo imadya, foni imadya ngakhale usanalankhule, koma lero ndapeza mfuti yobweza chenji! Uwombe chimodzi, ikupatse chimodzi. Munthu wogula mfuti imeneyi sadzagulanso zipolopolo mpaka imfa, ndipo akachita khama akhoza kutsegula shopu.

Lovemore anandivula chotseka khutu chimodzi. "Adadi, musakoke! Ndi semi-otomatiki, imadzikoka yokha. Mukutaya zipolopolo zamoyo!"

"Ikamadzikoka yokha, mwini wake agwire ntchito yanji? Choka apa, ukundiimira padzuwa."

"Tili m'nyumba, Adadi."

Mwamva kuyankha kwake? Ndinabwezera chotsekacho ndipo ndinapitiriza, mayi uja akukupiza manja ngati akuthamangitsa nkhuku, ine ndikutola chenji changa n'kumaunjika patebulo.

Ndipo zipolopolo za mfuti yathabwa n'zoleredwa bwino. Choyamba chinatuluka mosapupuluma, chinaboola pepala pakati penipeni pakuda, chinatulukira pa zenera, chinaima pamsewu kudikira kuti kamunthu kobiriwira ka pa maloboti kayake, chinawoloka, chinakwera basi yaitali ija yopindika pakati ngati bongololo, polowera khomo la kumbuyo kumene inu nonse munkakwera osalipira, musandiyang'ane choncho, chinapatsa mpando mayi woyembekezera, chinatsika pamsika, chinapeza nkhandwe imene inkagwetsa bini yathu sabata ndi sabata, chinaidula mchira wokha ngati chenjezo, ndipo titabwerera kunyumba tinachipeza pakhomo chikutidikira, chikadali chofunda. Ndikanama ndife pano ndisanamalize tiyi uyu.

Tsono kuipa kwa dziko lino ndi malamulo. Kwathu ukawomba umathamangira nyama isanadzuke. Kuno ayi: ikani mfuti pansi, tsegulani, onetsani, bwererani kuseri kwa mzere, dikirani. Pamene mayi uja amakafika kumapeto kuja n'kubwera ndi pepala langa, linali litapola. Lopanda ngakhale chipsera! Mukudabwa chiyani? Dziko lodzaza manesi ngati lino, mumati pepala lingakhale ndi bala mpaka liti? Ndinalinunkhiza, linkamveka mankhwala. Zoti mzungu wokalamba amene ankawombera pambali panga anapeza mabowo ambiri kuposa zipolopolo zimene anawomba, kapena zoti getsi la kudenga linasweka, zimenezo mukafunse eni nyumba, si nkhani yanga.

Ndinamuuza Lovemore mosabisa kuti yakudayo ndi ya anthu ofuna kuonedwa, imaona patali koma imadya ngati ngongole ya katapila, pamene yathabwa ndi mfuti ya munthu wa banja. Anagula yakuda. Mkamwini akamvera apongozi, mvula ikhoza kugwa yamchere.

Esinati anangoyang'ana pepalalo, n'kutseka zipi ya chikwama. Ananditengera ku chipatala, anandigoneka, anandipala maso onse awiri ngati mamba a nsomba, ndipo bandeji itachoka Esinati anandibwezera khadi langa akumwetulira, eti tsopano bambo mukuona. Kuona chiyani? Ndisanapite kumeneko ndinkati ndikaima pa siteji pankabwera mabasi awiri nthawi imodzi, ine n'kusankha. Mwezi unali uwiri, adzukulu anga anali ambiri, nyama m'mbale inali yokwanira. Lero chilichonse chatsala chimodzichimodzi, ndipo nkhope zanuzi ndikuziona mmene zilili, zimene sindinapemphe. Anandibera theka la London masana, ndi chilolezo cha mwana wanga.

Ndiye inu ophunzira, inu a mayunifomu, ndiyankheni musanatsuke makapuwo: wakhungu ndani, woona mabasi awiri kapena woona imodzi?