Nkhondo ya Mthunzi wa Phiri

Usiku wathawu a Yotamu Kadzuwa analota ali Pulezidenti. Anatisimbira okha pa nthawi ya nkhomaliro titakhala kuseri kwa ofesi, ndipo sanaseke ngakhale kamodzi. A Kadzuwa ndi mesenjala wathu. Zaka makumi awiri ndi zitatu akhala akunyamula mafayilo kuchotsa pa tebulo la uyu kukaika pa tebulo la uje. Ana awo onse anakula. Wotsiriza, mtsikana dzina lake Tsilizani, analowa usilikali chaka chatha.

Akuti analota akupalasa njinga yawo kupita ku ntchito monga mwa masiku onse, ndiye mwadzidzidzi magalimoto onse anayamba kupatukira m'mbali mwa msewu. Apolisi a njinga zamoto anali kutsogolo, ena kumbuyo, iwo pakati ndi njinga yawo yopanda mabuleki. Amayi ogulitsa tomato anaimirira nji. Pofika pachitunda tcheni chinagwa, ndiye dziko lonse linaima kudikira kuti achibwezeretse. Atachibwezeretsa anaweramuka, manja ali bii ndi girizi, n'kupeza kuti ali m'chipinda chachikulu, makatani mpaka pansi, mpando wachikopa uli patsogolo pawo.

"Khalani, Bwana Pulezidenti," unatero mpandowo. "Koma pang'onopang'ono. Anzanu onse amandikhalira ngati sadzadzukanso."

A Kadzuwa anapukutira manja pa thalauzi n'kukhala cham'mphepete.

Ndiye chitseko chinatseguka, mafayilo n'kuyamba kulowa okha, akuyenda pamzere ngati odwala kuchipatala, ena akutsokomola fumbi. Kutsogolo kunali fayilo yakale yong'ambika m'makona.

"Mwandiiwala?" inafunsa. "Ndine wa mjigo wa m'mudzi uja wa kuseri kwa dambo. Munandinyamula koyamba chaka chimene Tsilizani wanu anabadwa."

"Ndakukumbuka. Sunasainidwebe?"

"Amati ndibwere mawa."

Pambuyo pake panali fayilo ya mlatho womwe unapita ndi madzi, ina ya mankhwala a malungo, ina ya nyumba za aphunzitsi yomwe inali itadyedwa theka ndi chiswe. Onsewo a Kadzuwa ankawadziwa ndi kulemera kwawo komwe. Anaona kuti ntchito ya upulezidenti ndi yosavuta. Anatola cholembera chagolide chomwe chinali pa tebulo, n'kuitana fayilo ya mjigo kuti isendere.

Mwadzidzidzi kunja kunamveka nsapato, ndiye panalowa amuna atatu atanyamula fayilo yofiira pa pilo. Fayiloyo inatsika yokha, inakankha anzake onse ndi chigongono, n'kudzagona patsogolo pa a Kadzuwa.

Woyamba anali mkulu wa asilikali, mamendulo ali ngwerengwere pachifuwa. "Bwana Pulezidenti, a dziko la Kutsidya atibera mthunzi."

"Mthunzi wa chiyani?"

"Wa phiri lathu la m'malire. M'mawa umakhala kwathu bwinobwino. Dzuwa likangopendeka umawoloka malire wopanda chiphaso, ndiye mbuzi zawo zimagonamo."

"Nanga kukacha subwerera?"

"Umabwerera, koma ukununkha mbuzi."

Akulankhula choncho, chipewa chake chinayamba kutukuka chokha, pansi pake n'kutuluka nyanga ziwiri. Pomaliza mawu anali atasanduka njati, mamendulo akulendewera m'khosi. Palibe anadabwa, ndipo a Kadzuwa nawonso anaona kuti kudabwa kungakhale kupanda ulemu.

Anatembenukira kwa wachiwiri, nduna yoona za maiko akunja. "Inu mukuti bwanji?"

"Maganizo anga ndi omwewo ndithu, Bwana."

"Ati?"

"Amene muti munenewo."

Ndiye ndunayo inayamba kufupika mpaka inatsala bilimankhwe atakangamira pa tayi. Diso limodzi linali pa a Kadzuwa, lina pa njati. Akayang'ana njati ankafiira, akayang'ana makatani ankabiriwira.

Wachitatu, nduna yofalitsa nkhani, anali atasanduka kale khwangwala, kolala yoyera ili mbee, atatera pa windo. "Musavutike ndi kuganiza, Bwana. Ndalengeza kale pa wailesi kuti tapambana. Chatsala ndi nkhondoyo basi."

"Sainani apa," inatero njati, ikuloza ndi chiboda.

A Kadzuwa anafunsa cholembera ngati chinawerenga zomwe zinali m'fayilomo.

"Ine sindiwerenga," chinayankha. "Ndimangopita komwe dzanja landitengera."

Iwo anati ayambe alankhula ndi mnzawo wa Kutsidya. Ananyamula telefoni yakuda n'kuiika kukhutu, ndiye mwadzidzidzi anamva mphepo yozizira m'khosi. Anali atafika kale m'malire, tsinde mwa phiri, tebulo, mpando ndi nyama zonse zili pomwepo. Malirewo anali mzere wa laimu ngati wa pabwalo la mpira. Mthunzi unali udakali mbali yawo, koma unkakwawa pang'onopang'ono kulowera ku mzerewo. Mafayilo ena aja anali atawatsatira, ataima chapatali padzuwa.

Tsidya la mzere kunali tebulo longa lawo. Pamenepo panakhala mkulu wina wadazi, mapazi otupa atawaviika m'beseni. Kumbuyo kwake kunali njati yake, bilimankhwe wake ndi khwangwala wake.

"Achimwene," anatero mkuluyo, "inunso akupatsani yofiira?"

"Andipatsa."

"Ine mthunziwu sindiufuna. Kwathu mitengo ilipo. Koma anthu anga apeka kale nyimbo, amayi asoketsa nsalu. Ndikabwerera chimanjamanja adzandiyang'ana bwanji?"

"Bwanji tigawane? Inu masana, ife m'mawa."

"Ndi momwe zakhalira chilengedwere phirili."

"Ndiye tilembe zomwezo."

Njati zonse ziwiri zinafwenthera pamodzi. Makhwangwala anati zimenezo sizingamveke bwino pa wailesi. Tonde wina wokalamba, yemwe ankabzikula pafupi ndi mzere, anakweza mutu n'kunena kuti iwo ngati mbuzi sanafunsidwepo kanthu.

Ndiye fumbi linabuka, asilikali n'kufika pamizere, mbali ino ndi mbali inayo, yunifolomu zofanana, kusiyana mabatani okha. Fayilo yofiira inadzitsegula n'kuyamba kuitana maina a oti atsogole. Mawu ake anali ngati a mphunzitsi woitana maina m'kalasi.

"Kadzuwa, Tsilizani!"

Mtsikanayo anatuluka pamzere, jombo zikumukulira, mfuti paphewa. Anaima patsogolo pa tebulo n'kuchita sawasha.

"Iwe Tsilizani," anatero a Kadzuwa, "wadya?"

"Pamzere sitiyankha zimenezo, ababa."

Iwo anaona kuti pachala chake padakali chipsera chomwe anapsa ndi nyale ali wa zaka zinayi. Anaweramira cholembera n'kuchinong'oneza kuti chifufute dzina loyambalo.

"Ndifufuta," chinatero cholembera mokweza, aliyense akumva. "Koma mzere sukhala wopanda dzina. Ndiuzeni wa ndani ndilembepo."

A Kadzuwa anakweza maso. Apa ndi pamene anaona kuti kumbuyo kwa msilikali aliyense kwaima munthu wamkulu wopanda yunifolomu. Panali mayi amene amagulitsa mandasi pa geti la ofesi yathu. Panali mlonda wa kusitolo ya zitsulo, chibonga chili m'manja. Panalinso a Gomani, oyandikana nawo nyumba, amene sanalonjerane nawo chiyambire mkangano wa mpanda, ataima kumbuyo kwa mwana wawo wamwamuna, wamtali, wamakutu aakulu.

Apa a Kadzuwa sanatibisire. Akuti dzina la mwana wa a Gomani linafika palilime, ndipo cholembera chinali chitayamba kale kupendekera ku pepala. A Gomani anangovula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

"Ababa," anatero Tsilizani osatsitsa dzanja pachipumi, "mukandichotsa ndekha, kwathu ndizikayenda bwanji?"

A Kadzuwa anameza dzinalo. Akuti linadutsa pammero ngati fupa la nsomba.

"Nthawi, Bwana," inatero njati ikupalasa pansi. "Mthunzi watsala chikhatho chimodzi kuti uwoloke. Ukawoloka musanasaine, dziko lanyozeka."

"Lanyozeka ndithu," anavomereza bilimankhwe atafiira psuu.

"Musainira kapena musasainire, amene adzatukwanidwe ndinu," unatero mpando pansi pawo. "Ine ndangokuuzani."

A Kadzuwa anayang'ana tsidya. Mkulu wadazi uja anali atagwira cholembera chake, maso ali pa dzanja lawo, kudikira kuti aone achita chiyani. Ndiye iwo anatseka fayilo yofiira, anaitembenuza, anayang'ana pachikuto monga amachitira tsiku lililonse, n'kufunsa ndi mawu awo a kuntchito:

"Fayiloyi inadzera ku kaundula?"

Njati inayang'ana bilimankhwe. Bilimankhwe anayang'ana kumwamba ndi pansi nthawi imodzi.

"Nambala yake ili kuti? Makope atatu ali kuti? Chidindo, iwe unaiona fayiloyi?"

"Maso anga ndi kuyamba lero," chinayankha chidindo chili pa tebulo.

"Koma Bwana, iyi ndi nkhondo!" inabangula njati.

"Ngakhale ikhale nkhondo, singalumphe mzere. Ndondomeko ndi ndondomeko." Anainyamula, anaipana kukhwapa, n'kuimirira. "Bwerani mawa."

Tsidya lija mkulu wadazi anatulutsa mapazi m'beseni, anapana yake kukhwapa, nayenso n'kuuza nyama zake kuti zibwere mawa. Mthunzi unawoloka mzere wa laimu popanda phokoso lililonse. Mbuzi zinalowamo n'kugona. Asilikali a mbali zonse anatsitsa mfuti, ena n'kuyamba kupemphana moto wa fodya. Khwangwala anauluka kukalengeza kuti Pulezidenti wagonjetsa adani mwanzeru zakuya. Tsilizani anatsitsa dzanja, anatembenuka mwausilikali n'kubwerera pamzere osacheuka.

"Mawa tibweradi," inatero njati.

"Mudzandipeza."

Ndiye mwadzidzidzi anamva kutsokomola kumbuyo kwawo. Mafayilo ena aja, omwe anaima padzuwa tsiku lonse, nawonso anali atamva mawu akuti bwerani mawa. Anali atatembenuka kale, akubwerera pamzere wawo, ya mlatho, ya mankhwala, ya nyumba za aphunzitsi, fayilo ya mjigo ikutsimphina pambuyo.

"Sindimanena inu!" anakuwa a Kadzuwa. "Bwererani!"

"Musadandaule, tinazolowera," inatero ya mjigo osaima.

Anaithamangira, koma miyendo inkalemera ngati akuyenda m'matope a m'dimba, ndipo dzanja limodzi linali lopana fayilo yofiira. Ya mjigo ija anaipeza pa mtsinje wouma, anaigoneka pamwala, n'kukanda ndi cholembera. Sipanatuluke kanthu. Anachikutumula, anachiuzira mpweya, anakandanso.

"Inki yomwe anandithira ndi ya nkhondo," chinatero cholembera. "Ya mijigo amati ibwera."

Fayilo ya mjigo inadzuka, inadzisasa fumbi, inawatsanzika mwaulemu n'kutsatira anzake. A Kadzuwa anatsala okha pamchenga. Phiri kunalibenso, asilikali kunalibe. Kukhwapa kwawo fayilo yofiira inayamba kutentha, ndipo ankaimva ikupuma.

"Mundisunga mpaka liti?" inafunsa.

"Mpaka uiwalike."

"Ine sindiiwalika. Mkono wanu udzatopa, kapena adzabwera wina pampandopo. Wina aliyense amandipeza."

Iwo anaipana kwambiri. Anayamba kuyenda nayo kufuna poibisa, koma kabati iliyonse yomwe ankatsegula mumtsinjemo inali ndi njati itakhala m'kati, ikuyang'ana wotchi. Ndiye patali kunayamba kumveka kho, kho, kho. Anaganiza kuti mkulu wadazi uja walephera kupirira, wasaina, mizinga yayamba. Anafuna kuitana dzina la mwana wawo koma pakamwa panali podzaza mapepala. Kho, kho, kho, phokoso likusendera.

Anatsegula maso. Kunali kutayera. Panja mkazi wawo, Nangozo, ankagogoda mbaula pamwala kuchotsa phulusa ladzulo.

Anatuluka ali ndi tulo m'maso n'kuima pakhomo. Nangozo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwapana chiyani kukhwapako?"

A Kadzuwa anayang'ana. Mkono wawo wamanzere unali utakanirira kunthiti, wochita dzanzi.

"Palibe."

"Ndiye tatambasulani mundilandire ndowayi."

Analandira ndowayo ndi dzanja lamanja.