Maola Anayi a Bambo a Lurdes

Lolemba

Makina afika. Mwana wathu Lurdes wawatumiza pa basi kuchokera ku Beira, m'katoni yomangidwa zingwe ngati muli mazira. Adotolo amati dzina lake ndi CPAP, ife tikungoti makina. Kabokosi koyera, chubu chachitali, ndi mashikara yovala pamphuno. Ntchito yake ndi kukankhira mpweya kukhosi kwa amuna anga akagona, chifukwa mkonono umene ndaupirira zaka makumi atatu uja akuti ndi matenda. Munthu amasiya kupuma ali m'tulo, n'kudzidzimuka, n'kusiyanso, usiku wonse. Kukacha ali ngati sanagone.

Mwezi watha anasinza pa chiwongolero atangopitirira Moatize, kamiyau, lole ya kuntchito ija, n'kulowa m'tchire. Wovulala anali mtengo wa masau wokha. Kuntchito ati asakhudzenso makiyi mpaka atabwera ndi pepala la adotolo. Adotolo nawo ati maola anayi usiku uliwonse kwa sabata yathunthu, tibwerere Lolemba. Makinawo amawerenga okha maola.

Ndalemba malamulo, ndamata pachitseko cha kabati:

1. Nkhani za pa wailesi zikangotha, kukagona.
2. Kubaraka, kumene amamwera ndi mnzawo Zeca, osapondako.
3. Mashikara ndi chubu kutsuka m'mawa uliwonse.
4. Madzi othira m'makina ndi a ku faramasiya okha. Iwo akuti a batire ku garaji ndi amodzimodzi. Ayi.
5. Munthu asadziwe. Ili ndi lawo, alemba okha ndi zilembo zikuluzikulu.

Ayesa kuvala masana ano. Aima pagalasi nthawi yaitali.

"Mayi a Lurdes, mwakwatiwa ndi njovu."

Ndaseka mpaka kukhala pansi. Iwo sanaseke.

Lachiwiri

Ola limodzi ndi mphindi khumi. Ndi zimene makina akuonetsa.

Vuto ndi bigodi, ndevu zawo zapamlomo zija. Mashikara sikugwira khungu, mpweya ukuthawira m'ndevumo, ukulira fyuu ngati ketulo, ndipo wonse ukuthera m'khutu langa. Atembenuka, ukupita m'diso lawo. Pakati pa usiku ndawamva akuvula, akuikoleka pamutu pa bedi mwaulemu ngati chipewa cha kutchalitchi. Pasanathe mphindi, mkonono.

Ndamuimbira Lurdes. Akuti, "Amete basi, amayi." Mwana wobadwa dzana amaona ngati n'zophweka. Bigodi imeneyi anaiyamba tili ku Malawi nthawi ya nkhondo, tsiku limene amadzandifunsira kwa amalume zinali tindevu titatu. Anaoloka nayo malire pobwerera. Ili pa chiphaso, ili pa chithunzi cha ukwati.

Ndaika lumo ndi sopo pafupi ndi kapu yawo ya tiyi. Akumwa tiyi moyang'ana kumbali.

Kunja kukutentha ngati wina waiwala kutseka uvuni. Galu wa a Dona Fina, oyandikana nafe, wakumba dzenje pansi pa mtsuko wathu wa madzi, wagona momwemo. Sindikumuthamangitsa, ali ndi nzeru.

Lachitatu

Ameta. Dzulo madzulo, okha, kuseri kwa bafa.

Mlomo wam'mwamba ndi woyera ngati chinangwa chosenda. Ndipo ndi wautali. Zaka zonsezi sindimadziwa kuti pakati pa mphuno ndi pakamwa pali mtunda wotere. A Dona Fina awapatsa moni wa alendo pa mpanda, kenako n'kugwira pakamwa.

Makina agwira bwino ntchito. Wolakwa ndine.

Atavala, agona. M'chipinda zii. Kamphepo kokha ka makina, ndi ventuinya ikuzungulira padenga. Ine maso gwa. Munthu amene mkonono wake umamveka mpaka kumsewu wagona chagada, osalira, osagwedezeka, manja pachifuwa. Ndawaika dzanja pamimba. Ikukwera, ikutsika. Ndadikira pang'ono, ndaikanso. Kachitatu mtima sunakhutire, ndawagwedeza.

"Chiyani?"

"Palibe. Gonani."

Kachinayi avula mashikara, akhala tsonga. "Ndili moyo, mayi a Lurdes. Ndikafa ndikudzutsani."

Maola awiri ndi theka. Ndawonjezera lamulo lachisanu ndi chimodzi, langa: osagwedeza munthu.

Lachinayi

Ziro.

Magetsi azima titangolowa m'chipinda, dera lathu lonse la Canongola mdima. Makina zii, ventuinya zii. Malata akutulutsa moto umene amwa tsiku lonse. Tapirira pang'ono, kenako tatulutsa mphasa pabwalo ngati anthu ena onse. Kuseri kwa mpanda a Dona Fina akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto.

Amuna anga agona msanga, ndipo mkonono wabwerera wonse. Poyamba ndasangalala, ndisaname. Kenako ndayamba kumvetsera mmene adotolo anandiuzira. Mkonono ukukwera, ukukwera, n'kuduka. Chifuwa chikukoka koma mpweya sukulowa. Ndawerenga chamumtima: khumi, makumi awiri, makumi atatu. Ndiye n'kutsamwa ngati munthu amene wavuulidwa mu Zambezi, n'kuyambiranso.

Zaka zonsezi ukaduka chonchi ndimati Mulungu wandimvera chisoni, ndigoneko.

Sindinagone. Magetsi abwera m'mawa, nthawi imene sakufunikanso. Iwo akusinza pa mpando, buledi ali m'manja.

Lachisanu

Maola atatu ndi mphindi makumi anayi. Tatsala pang'ono! Akanapanda kudzuka kukamwa madzi n'kuiwala kuvalanso, bwenzi takwanitsa.

Chifukwa cha chisangalalo ndatsuka chubu ndi mashikara bwinobwino, n'kuziyanika pachingwe panja, pakati pa malaya ndi nsalu zanga. Lamulo lachitatu ladya lachisanu.

A Dona Fina atulukira pa mpanda. Angoyang'ana chingwe, ayang'ana mlomo wometa uja, alowa m'nyumba ndi foni.

Mmene nkhani yayendera, malinga ndi zimene ndamva pambuyo pake:

Kumpopi, bambo a Lurdes akupumira m'chubu.
Kumsika, achipatala awameta kukonzekera opaleshoni.
Ku Matundo, tsidya la mtsinje, salankhulanso.

Dzuwa litapendeka shapa, kaminibasi kaja, yaima pamsewu. Atsika alamu anga a Marita, achemwali awo aakulu a ku Matundo, ndi chikwama, nkhuku yamoyo, ndi amayi anayi a kutchalitchi kwawo. Nyimbo aiyambira pa geti. Wodwala amupeza pansi pa mtengo, wavula malaya, akutafuna mutu wa nsomba.

A Marita awayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Mwaonda," atero. Sanaonde.

Pemphero lachitikabe, poti anthu akwera shapa. Iwo agwada pamphasa manja ali mafuta. Amayi aja apita. A Marita atsala, akuti sangasiye mlongo wawo m'manja mwa makina. Ndawayalira m'chipinda cha Lurdes.

Mkononowu ndi wa mtundu. Khoma likunjenjemera.

Loweruka

Maola awiri okha. Akuti sangagone ndi phokoso la achemwali awo. Ndangowayang'ana.

Poti chinsinsi chatha, abwera anzawo oyendetsa makamiyau, atatu, a Zeca patsogolo. Iwo kubaraka sakupita, ndiye baraka yabwera yokha m'thumba la pulasitiki. Aseka mlomo mpaka misozi. Kenako afuna kuona makina. Munthu amene Lolemba amabisa katoni pansi pa bedi lero wawatulutsa pabalaza, akufotokoza ngati wagula galimoto. Apa mphepo, apa madzi, apa mawerengero.

Aliyense ayese. A Zeca avala, atsamira pa sofa, ati kamphepo kake n'kozizira bwino. Ndapita kukathandiza a Marita kusosola nkhuku. Pobwerera ndapeza a Zeca ali m'tulo tofa nato, anzawo akusewera makadi mwakachetechete kuti asawadzutse. Maola awiri athunthu.

Alendo atapita ndawapeza amuna anga atawerama pa makina, akumwetulira ndi mlomo wawo wautaliwo.

"Awerenga. Makinawa sadziwa nkhope. Awiri anga, awiri a Zeca, anayi. Akabweranso mawa..."

Sindinakuwe. Ndawakhazika pa bedi, ndatseka chitseko chifukwa cha a Marita, ndawauza za usiku uja tinagona pabwalo. Kuti ndinawerenga mpaka makumi atatu iwo osapuma, osati kamodzi. Kuti ndinakhala ndi dzanja m'mwamba, osadziwa ngati ndiwamenye pamsana kapena ndiitane anthu. Ndati pepala la adotolo angalipeze ndi mphuno ya a Zeca, koma pa msewu wa ku Zóbuè adzakhala okha, ndipo m'mbali mwa msewu umenewo si mitengo yokha imaima.

Ayamba kusisita pamene panali bigodi.

"Simunandiuze."

"Mumagona."

Atenga mashikara, apita nayo kubafa, aitsuka okha ndi sopo kawiri. Akuti ikununkha Zeca.

Lamulungu

Maola asanu ndi mphindi makumi awiri. Awo okha. Ine ndinagona manja nditawapanira pakati pa mawondo kuti asapite kumene sanatumidwe.

Usiku umodzi pa sabata yonse. Ngakhale wa lero utayenda bwino, ikhala iwiri. Pepala mawa sitilandira, makiyi akhalabe ku ofesi, ndipo za a Zeca tikawauza adotolo tokha asanafunse kuti munthu ameneyu amagona bwanji masana nthawi ya makadi. Atikalipira. Atipatsa sabata ina, mwina ziwiri. Malamulo aja ndawachotsa pakabati, palibe limene latsala lamoyo kupatula la madzi.

A Marita akuti apita Lachitatu. Sananene Lachitatu liti. Akazi a a Zeca atumiza uthenga wofunsa ngati makinawa amabwerekedwa. Sabwerekedwa.

Kutchalitchi amuna anga sanasinze. Ulaliki wonse maso ali tseguke, mpaka pobwerera amatsutsa zimene abusa anena. Sindikudziwa ngati zimenezi ndizikonda.

M'mawa ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, mizere ya malamba ili m'masaya, akuyang'ana khoma.

"Ndalota," anatero. "Zaka zingati ndisanalote."

Ndinafunsa kuti alota chiyani.

"Inu."

Ndinadikira. Pa msinkhu wanga uno, ndinakonza ngakhale duku.

"Mumandikalipira. Koma munali mutavala nsalu yabwino."