Tsiku Limene Ndinalembetsa Makompyuta Mayeso

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma ndiinena ndekha ena asanaithire mchere. Mboni zake ndi Bambo Goma, amene ankagwira ntchito ku chipatala, ndi Mayi Nyirenda, amene ankaphunzitsa masamu. Ine, hedimasitala wakale, ndinali wapampando wa kagulu kathu ka opuma ntchito kuno ku Chama.

Tinagwirizana zogula masheya pa foni ku kampani yopanga mapulosesa, timaubongo ta m'kompyuta. Makampani opikisana anali awiri, yakale ndi yatsopano, ndipo tinayenera kusankha imodzi.

"Yakaleyo yakalamba ngati ife," anatero Bambo Goma. "Manje yothamanga ndi yatsopano."

"Inu a Goma mudziwa zothamanga?" anafunsa Mayi Nyirenda. "Njinga yanu mumaikankha ndi potsetsereka pomwe."

Ine phokoso sindilola. Ndinalamula kuti mkangano uthe mwadongosolo, ndi mayeso. Aliyense wa awiriwa abweretse laputopu yokhala ndi pulosesa ya kampani yake.

Loweruka m'mawa tinabwereka kalasi. Laputopu ina ndinaiika kutsogolo, ina kumbuyo, kuti zisaonerane. Eni ake atalowetsa funso limodzimodzi la masamu ndinawatulutsa, pakuti makolo sakhala m'chipinda cha mayeso. Ndinayamba kuyendayenda, manja kumbuyo.

Unali Okutobala wa m'chigwa, malata akuthetheka. Ya Bambo Goma inayamba kupuma mwaphokoso, fuu. Ndinaichenjeza kawiri. Kachitatu ndinainyamula n'kukaisiya pakhonde. Koma ya Mayi Nyirenda, ya kampani yakale ija, inakhala phee ola lathunthu, nkhope ili bii, yodzichepetsa ngati mwana woleredwa pa mishoni.

Ndinaitana gulu lonse n'kulengeza kuti kampani yakale yapambana chifukwa cha khalidwe, ndipo ndalama zathu zipite kumeneko.

Mayi Nyirenda anadina batani. Anadinanso.

"Ahedi, iyi yazima nthawi yanji?"

"Sinazime, mayi. Ikuganiza."

"Batire latha kalekale."

Bambo Goma analowa atanyamula yawo ya pakhonde ija, yankho lili poyera.

"Ndiye kuti ahedi mwalondera maliro ola lonse, n'kuwapatsa nambala wani!"

Gulu linagamula pomwepo kuti tigule masheya a kampani yatsopano, ndiponso kuti ine ndichoke pampando, ndizingotsegula misonkhano ndi pemphero. Bambo Goma anavomera, Mayi Nyirenda anavomera akupukuta misozi ya kuseka. Inenso ndinavomera, ngakhale mpaka lero ndimati pa ophunzira onse amene ndinawayang'anira, amene sanandivutitse ndi yekhayo wakufa uja.