Kambalame ka Paphiri ndi Nsawa za aTembo

Lolemba, 13 Januwale
Dziko lonse la Zingalume lidziwe kuti wolemba pano ndine, nduna ya mbalame, amene ngakhale mpheta zimandigwadira. Dzulo potuluka m'tchalitchi ndinadzitama kuti kulibe mbalame yosaidziwa ine. ATembo, mkulu wa mpingo, akuti nditchule dzina la kaja kamaimba m'mwamba paphiri la udzu koma osaoneka. Ndikalephera pofika Lamulungu, ndikapalira nsawa zawo tsiku lathunthu. Ndavomera. Msana wanga sunafunsidwe.

Lachiwiri
Ndili paphiri. Mawondo akulira ngati ngolo yopanda girizi. Kakuimba tsi, tsi, tsi, kenaka pha-pha-pha ngati kakuwomba m'manja. Ndikayang'ana kumwamba, mitambo yokhayokha. Khosi lauma. Komabe makutu akadalipo, zikomo Ambuye.

Lachitatu
Ulimbo! Ndatcha m'mitengo isanu m'munsi mwa phiri. Zokodwa: pumbwa mmodzi amene ndamumasula poti timadziwana kale, chipewa changa, malaya a kutchalitchi.

Lachinayi
ANaphiri, akazi anga, akuchapa malaya aja uku akuseka. "Abambo, mbalame ya muudzu mukuitchera mumtengo? Mawa mukatchere nsomba padenga." Akuti zisa zake zakale amazipeza chaka ndi chaka akamamweta udzu wofolera. Zaka zonsezi osandiuza! Akuti sindinafunse.

Lachisanu
Takwera awiri, iwo patsogolo. Akuti ndikhale pansi ndipo nditseke pakamwa, ntchito imene sindinaigwirepo chibadwire. Posakhalitsa nyimbo yaleka, kagwa kuchokera kumwamba ngati mwala, kathera muudzu. Ndakaona bwinobwino ndi maso angawa: kochepa ngati chala chachikulu, msana wamizeremizere, mchira waufupi. Chisa chili pafupi ndi dothi, chozungulira, khomo m'mbali, chomangidwa ndi ulusi wa kangaude. Timazira titatu. Kuwomba kuja ndi mapiko, kamuna kakulengeza kuti pano pali eni. Ulimbo wotsala ndaukwirira.

Loweruka
Dzina palibe. Ndaimbira foni mwana wanga wophunzitsa ku boma, wanditchulira lachizungu, lilime langa lakana kulinyamula. ANaphiri akuti azimayi amangoti "kaja ka muudzu". Ndayesa kupeka langa. Akuti akandiulula pamaso pa mpingo.

Lamulungu
Ndagonja. Ndafotokoza za chisa, mazira ndi mapiko, anthu amvetsera bwino, koma aTembo akuti dzina ndi dzina. Khasu andibwereka lawo, mtima wabwino. Mawa kumunda.
Sindikudandaula. Phiri ndakwera kawiri pa ukalamba uno, kamodzi ndi akazi anga, amene chikwatiranire sitinakhalepo pansi awiri popanda ntchito m'manja. Akuti mawa abwera ndi thobwa kudzaonerera nduna ikuwerama.
Chimodzi chokha ndiulule, poti lero ndi tsiku lopatulika. Zakuti ndinakaona bwinobwino zija ndapeka. Maso angawa anangoona kadontho kakugwa. Mizere ndi mchira anandiuza aNaphiri, monong'ona kuti kasathawe.