Kasupuni ka pa Chipewa cha Injiniya

Pulani yonse inaphikidwa pa tebulo la pakona m'bala mwanga, Lachinayi madzulo, ine Graciete ndili pomwepo kuwathirira vinyo. Sindinakanene kupolisi chifukwa amuna atatu amenewa akhala akukonza zakuba pa tebulo limeneli kwa zaka zambiri, koma chimene anabapo ndi zotokosera m'mano zanga basi.

Mkulu wa gululi anali Anacleto, amene tonse timamuitana Injiniya chifukwa tsiku lina anakonza mpope wa kutchalitchi, n'kugwiradi ntchito masiku awiri. Wachiwiri wake anali Firmino, Chimimba, dzina losafuna kulongosola. Wachitatu anali Custódio, Kandulo, wamtali, woonda, amene dzuwa likatentha amapindika.

Bala la mumtima mwa Injiniya linali limodzi. Chaka chilichonse pa damu lathu pamakhala mpikisano wowedza achigã, nsomba ya kukamwa kwakukulu ija yokonda kubisala m'mitengo yomira, ndipo zaka khumi ndi chimodzi zotsatizana chikho chimatengedwa ndi a Hermínio, eni sitolo ya zida zowedzera. Injiniya sanafikepo ngakhale pa nambala faifi. Zimamupweteka zenizeni, moti tsiku lopereka chikho sadya. Mpikisano wa chaka chino unali Lamlungu lomwelo.

"Amwene, mdala uja sandiposa nzeru," anatero akudya nkhono zanga zangongole ya mawu okhaokha. "Amandiposa sitolo. Mundipatse ndodo yake yowedzera, gudumu lake lokulungira chingwe ndi nyambo zake, Lamlungu chikho chigona kwathu."

Dilu yake inali yotere. Loweruka wani koloko masana, nthawi imene kuno ku Alentejo ngakhale galu sadutsa msewu chifukwa cha kutentha, a Hermínio amatseka sitolo n'kubwera kudzadya kwa ine mpaka filii koloko. Atatuwo alowe chakumbuyo, aliyense atavala sokosi kumaso. Atenge ndodo imodzi, gudumu limodzi lokulungira chingwe, nyambo zisanu, n'kutuluka. Malamulo anali awiri: mphindi khumi zokha, ndipo wina asatsegule pakamwa. Chimimba anati Injiniya ndi dolo. Kandulo anafunsa ngati sokosi zake zikhale zochapa.

Loweruka linafika. Injiniya anabwera ndi chitsulo chokanulira chitseko chimene anachinola tsiku lonse, koma asanachilowetse n'komwe, Kandulo ananyamula mphika wa maluwa n'kutulutsa kiyi. Tauni yonse imadziwa kuti kiyi amakhala pamenepo. Injiniya anakhumudwa pang'ono, koma analowa.

Tsono inu, kulowetsa msodzi m'sitolo ya zida zowedzera muli mopanda mwini, n'kumuuza kuti asankhe m'mphindi khumi, ndi nkhanza. Lamulo losatsegula pakamwa linafa pa ndodo yoyamba. Injiniya anatenga ndodo yolimba, yaitali kuposa iye mwini, akuti ndi imene imazula nsomba m'nthambi isanakulunge chingwe. Chimimba anati ndodo yotero ndi mtengo wothyolera zipatso, yabwino ndi yofewa kunsonga, imene imakuuza nsomba ikangonunkhiza nyambo. Anatsitsa ndodo zonse pakhoma, aliyense akugwedeza yake m'mwamba n'kumapendeketsa mutu ngati akumvetsera wailesi. Mphindi makumi awiri zinathera pamenepo.

Pa magudumu zinafika poipa. Injiniya amafuna lokhala pamwamba pa ndodo, lija amagwiritsa ntchito akatswiri a pa kanema. Kandulo anamukumbutsa kuti limeneli limafuna chala chachikulu chophunzira, apo ayi chingwe chimapiringizana. Injiniya anati chala chake chinabadwa chophunzira, n'kuponya kamodzi kuloza ku kauntala. Chingwe chinatukumuka pa gudumupo ngati tsitsi la munthu wongodzuka kumene. Anakhala pansi atatuwo kumasula, poti ndi asodzi, ndipo msodzi sangasiye chingwe chili chotero ngakhale nyumba ikupsa. Sokosi anali atazikwezera pamphumi kalekale, thukuta lili kamukamu.

Atafika pa nyambo, Chimimba anangoyamba kulonga m'matumba a thalauza osasankha. Zinalipo za mtundu uliwonse: achule apulasitiki oyandama, nyongolotsi zofewa zonunkhira adyo, tinsomba tamatabwa tokhala ndi mlomo wolowera pansi, tina tolira mkati tikagwedezeka. Kandulo anati nthawi yotentha nsomba imatsikira pansi, ndiye nyongolotsi basi, ndipo ikhale yobiriwira poti madzi a damu ndi oyera. Chimimba anati chule, m'mawa, m'mbali mwa udzu. Injiniya anati onse awiri ndi makape, yoyenera ndi kansomba kolira. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kandulo ndi amene analoza thanki. Pakati pa sitoloyo pali thanki yaikulu yagalasi, ndipo m'menemo mumakhala nsomba ya achigã yolemera makilo anayi. A Hermínio anaitcha Dona Perpétua, dzina la apongozi awo, chifukwa cha kukula kwa kamwa.

"Bwanji tiwafunse eni akewo?" anatero Kandulo. "Imene alume ndi imene titenge."

Wotchi inali itadutsa thuu koloko. Palibe anayang'ana. Anakwera pa mabokosi n'kuyamba kuviika. Chule anasambira pamwamba, Dona Perpétua osaphethira. Nyongolotsi inavina pamphuno pawo penipeni, iwo n'kutembenuka kuipatsa mchira. Kansomba ka Injiniya kanalira mpaka kusasa mawu. Zimene akuba athuwa sanaganizire n'zakuti nsomba imeneyi yakhala m'thankimo zaka zisanu ndi chimodzi, a Hermínio akuionetsa nyambo iliyonse pamaso pa ogula. Katundu yense wa m'sitolomo imamudziwa ndi mtengo wake womwe.

Injiniya anali pafupi kulira. Apa m'pamene Chimimba, pofuna kumuseka, analoza chipewa chake. Pa chipewa chimenecho pamakhala kasupuni kakale kamsuzi, kamene malemu bambo ake a Injiniya anakadula chogwirira, kukasula ndi hamala, n'kumangirira mbedza. Injiniya amangokavala pokumbukira bambo ake. Anasiya kuwedzera kasupuniko zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, a Hermínio atamufunsa pagulu ngati wabwera kudzawedza kapena kudzamwa msuzi.

"Yesani za madala zija, akulu," anatero Chimimba. "Mwina gogoyu akufuna phala."

Injiniya anakazula pachipewa mwaukali, kukamanga pa chingwe, n'kukagwetsera m'madzi kuti Chimimba atseke pakamwa. Kasupuni kanatsika kakupendama, kakung'anima mbali imodzi yokha poti inayo ndi yadzimbiri. Sikanafike pansi. Dona Perpétua anakameza ndi mkokomo, madzi n'kukhavukira mpaka pa kauntala. Ndodo yolimba ija inapinda, mabokosi anagumuka, ndipo patapita kanthawi Injiniya anali ataima pakati pa sitolo, nsomba yaikulu kuposa zonse za moyo wake ataigwira chibwano. Anandiuza yekha pambuyo pake kuti nthawi imeneyo anangoona nkhope ya bambo ake, china chilichonse anaiwala.

Anavuliratu sokosi ija, poti munthu sajambulitsa ndi nsomba yotero atavala sokosi kumutu. Kandulo anajambula ndi foni. Ndipo kuno kuli mwambo umene msodzi aliyense amauchita dzanja lisanafunse mutu: nsomba yaikulu ikagwidwa, chithunzi chimapita pa gulu la asodzi la pa foni nthawi yomweyo, chifukwa nsomba yopanda chithunzi ndi bodza.

"Tumiza, mphwanga," anatero Injiniya akupumira m'mwamba. "Aone Hermínio."

Anaonadi. Anali m'bala mwanga akumaliza nyama yankhumba, moyang'anana ndi Sajeni Belmiro wapolisi, amenenso ndi msodzi. Mafoni asanu ndi awiri analira nthawi imodzi. Pachithunzipo panali Injiniya mano onse pamtunda, kapepala ka mtengo kakulendewera pa ndodo, kumbuyo kwake kuli zikho khumi ndi chimodzi pa shelefu. A Hermínio anavala magalasi n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Sajeni," anatero mofatsa, "awa ndi apongozi anga."

Sajeni anamaliza kaye khofi wake. Kenako tinapita tonse, inenso ndinatseka bala, chifukwa zoterezi sizimvedwa kwa anthu.

Tinawapeza osathawa. Injiniya anali atapinda malaya, manja ali m'thanki, akuigwedeza nsombayo pang'onopang'ono kuti ipezenso mpweya, monga amachitira msodzi waulemu akamabweza nsomba m'madzi. Anatiuza kuti tidikire kaye, isanatsitsimuke sangachoke. Enawo akanafuna kuthawa, koma mbedza za m'matumba a Chimimba zinali zitaboola thalauza n'kukola mwendo wa Kandulo, moti aliyense akasuntha, onse awiri amalira.

A Hermínio sanakalipe. Anayendera sitolo yawo, nyambo zodula zili mbwee pansi, n'kufunsa funso limodzi lokha, kuti nsombayo yadya chiyani. Chimimba, amene pakamwa pake sipagona, analoza kasupuni. Mdalayo anakatola, kukatembenuza, kukayeza m'dzanja. Kenako anauza Injiniya kuti asankhe yekha: kukagona m'chitokosi mpaka Lolemba n'kukaonekera kukhoti ku Beja pamodzi ndi anzake, kapena kusiya kasupuniko, nkhani n'kuthera pomwepo.

Injiniya anayang'ana kasupuni, n'kuyang'ana anzake awiri olumikizana ndi mbedza aja. Ndinamumvera chisoni, ngakhale kuti ndimafunanso kuseka. Anagwedeza mutu kuvomera, n'kuvala chipewa chake chopanda kanthu.

Lamlungu anapikisana nawo ndi ndodo yake yakale, n'kugwira tinsomba tiwiri tosafika pa muyeso. A Hermínio anatenga chikho chakhumi ndi chiwiri. Atafunsidwa kuti anawedzera chiyani, anakweza m'mwamba kasupuni kadzimbiri, n'kunena kuti ndi luso la makolo limene achinyamata amalinyoza.

Lero mukalowa m'sitolo muja, pafupi ndi thanki pali bokosi la timasupuni tosulidwa ndi hamala, mbali imodzi todetsedwa dala, mayuro khumi ndi awiri kamodzi. Pabokosipo analembapo dzina loti Anacleto. Timatha sabata iliyonse. Mwezi watha Injiniya anakagulako kamodzi ndi ndalama zake, n'kubwera nako pa tebulo la pakona. Anakayang'ana mpaka vinyo wake kufunda, kenako anandiuza kuti hamala ya a Hermínio siimenya ngati ya bambo ake.