Tenda Yanga ndi Malata a Titiya

Lolemba

Makiyi ali m'manja mwanga! Alamu Zeka apita ku Maputo, galimoto yawo yokoka matayala onse anayi andisiyira mpaka Lamulungu. Feriya yanga, tchuthi cha kuntchito, ndi sabata yomweyi basi. Pulanu: ine ndi mnzanga Dulce, kuchoka pa Tete mpaka ku Zumbo. Ndikufuna chinthu chimodzi chokha, kugona m'tenda pakati pa tchire, kopanda ondidziwa.

Zakonzeka:
– tenda (hema) yatsopano, sindinaitsegulebe
– zigubu ziwiri za gazoliyu (dizilo)
– madzi, sardinya (nsomba za m'chitini), tochi
– chipewa chojambulitsira

Lamulo: osauza munthu. Ndangouza Amayi okha. Ayang'anitsitsa thumba la tenda. Akuti: "Wachita kugula? Ife titathawira ku Dedza nthawi ya nkhondo ankatipatsa ulere, koma tinkalirabe." Amayi zokaona malo sazimvetsa.

Lachiwiri

Sitinanyamuke. Pakhonde palibe poponda! Amayi akuti anangotsina khutu Dona Berta kumpopi. Dona Berta, wailesi ya bairro yonse ya Degue, dera lathu lino!

Zomwe anthu abweretsa kuti ndikatule m'njira:
– malata khumi ndi awiri a titiya Rozita, azakhali anga a ku Fingoè
– matiresi
– njinga yopanda tcheni
– thumba la mchere
– makina osokera
– titiya Rozita eniake

Inde. Akhala pamalatapo, chikwama pamiyendo, akudikira. Ndikuti ino si minibasi, ndi ulendo wopuma. Amayi akuti galimoto yopita kumudzi ili mbee ndi mwano, iwo aziyenda bwanji m'bairro muno? Nanga ine ndiziyenda bwanji m'galimotomo?

Lachitatu

Amayi nawonso akupita. Akuti akaone ngati malata afike onse. Ngati ndidya limodzi panjira! Dulce wafika, wasuzumira, waona kuti malo ake ndi pakati pa njinga ndi mchere. Wakumbukira mwadzidzidzi kuti mutu ukumupweteka. Mnzanga wa zaka zisanu ndi ziwiri ameneyo.

Tawoloka Zambezi dzuwa lili paliwombo. Malata padenga akulira ngati msonkhano wa achule. Aliyense akutiyang'ana, koma osati mmene ndinkafunira.

Madzulo tatula njinga kwa eniake. Pabwalo pawo mchenga wabwino, mlambe pompo. Ndatulutsa tenda. Bambo apanyumba agwira mutu: "Mlendo agone panja? Mukufuna mudzi wonse uziti m'nyumba mwathu muli nsikidzi?" Ndabweza tenda m'galimoto.

Lachinayi

Nsikidzi zilimo.

Koma lero msewu weniweni! Miyala, zigwembe, mtsinje wouma wamchenga wokhawokha. Ndalowetsa giya ya matayala onse, galimoto yatuluka ikubangula, ine mtima phaphapha! Ndatembenuka kuti wina andiyamikire. Titiya atsinzina, akuimba nyimbo ya pamaliro. Amayi akuwerenga malata pazenera.

Fingoè. Mwambo wake ndi uwu: pamene watula katundu, udyepo. Matiresi, ndadya. Makina, ndadya. Mchere, ndadyanso. Ndikakana akuti ana a m'tauni amanyansidwa. Zomanga tenda pakhomo pa titiya sindinayese n'komwe, andiyalira kale pabalaza, pansi pa malata awo akale odontha.

Lachisanu

Ndawerengera bwinobwino. Ku Zumbo sindifikako, chabwino. Koma nditha kuwasiya Amayi pano, n'kupita ndekha chakutsogoloku, kugona m'tchire lero, mawa n'kuwatenga. Zitheka!

Sizitheka. Galimoto akuti sibwereranso ili mbee. Tsiku lonse latha ndi kupakira:
– makala matumba atatu
– chimanga
– nkhuku zinayi
– mbuzi yothokozera Alamu, omwe sakudziwa kanthu

Kenako titiya abwera ndi mpongozi wawo, mana Fina, mimba yafika apa. Kuchipatala cha kuno anamuuza kuti akachirire ku Tete, mwana sanakhale bwino, ndipo galimoto yodalirika sinapezeke. Tinyamuke mawa m'mamawa, pang'onopang'ono.

Ndikwiyire ndani tsopano? Mimba? Ndakakwiyira mbuzi. Yandiyang'ana ikutafuna chingwe cha thumba la tenda.

Loweruka

Tayala laphulika masana, pakati pa tchire lenileni. Kulibe nyumba, kulibe netiweki, mitengo yonse yayoyola masamba, dzuwa ngati mbaula. Mana Fina thukuta kamukamu, m'galimoto simukhalika. Akufunika mthunzi.

Nthawi yanga yakwana! Ndatsegula tenda. Timitengo khumi, tizingwe, pepala la malangizo lazithunzi zokhazokha. Ndaimika, yagwa. Ndaimikanso, yaoneka ngati ng'ombe yogona chagada. Mphepo yaitenga, ndaithamangira m'minga chipewa chili kumutu.

Amayi atsika. Pepalalo sanaliyang'ane n'komwe. Anyowetsa chala kuti amve kochokera mphepo, khomo alilozetsa kwina, zikhomo akhoma ndi mwala, zingwe kwee. Mphindi zisanu, tenda njo! Kenako ndikuona akukumba kangalande mozungulira ndi chidendene. Kangalande ka mvula, mwezi wa Agosto! Aona kuti ndawaona, asiya. Akuti: "Mkulu wako, mkazi wa mwini galimotoyi, anabadwira m'yotereyi."

Ndapita kukasintha tayala.

Mana Fina wagonamo ola lathunthu, mpaka mkonono. M'tenda yanga. M'tchire langa. Ine ndili pansi pa galimoto, mbuzi ikundinunkhiza khutu!

Tafika naye kuchipatala kusanade. Amulandira.

Lamulungu

Ndatsuka galimoto katatu, fungo la mbuzi likadalimo. Alamu afika, anunkhiza, atsegula pakamwa, kenako aona mbuzi yawo, atseka pakamwa.

Mana Fina ali bwino, akudikira tsiku lake.

Dulce mutu wapola, akufuna zithunzi. Ndili nacho chimodzi: tenda ili chilili pakati pa tchire, yokongola ngati ya m'sitolo, pakhomo pake patulukira mapazi otupa a mana Fina, pambali Amayi akuyang'ana kwina.

Masiku omwe ndagona m'tenda: zero. Mawa kuntchito.

Tendayo aipinda Amayi, yalowa m'thumba mwake ngati sinatulukemo. Ndawapempha kuti tsiku lina andiphunzitse kumanga kwake. Akuti zimenezo munthu sachita kuphunzitsidwa, ndipo ndithokoze kuti sindizidziwa. Mtima wafewa ndithu.

Kenako afunsa kuti Alamu apitanso liti ku Maputo. Titiya akufuna simenti.